Anandipempherera kale, ndikapimitsenso maso?



Loweruka lapitali achinyamata ophunzira udokotala anabwera pa sukulu ina mu komboni yathu kudzapima anthu maso mwaulere. Anapachika pepala la zilembo pakhoma, timatochi m'manja, ndipo dokotala wa maso amene amawayang'anira anakhala pambali kulandira odwala amene anawo sakanatha kuwathandiza. Mzere unali wautali. Koma mayi ena a mumpingo mwathu, amene diso lawo lakumanja likuchita chifunga chaka chachiwiri manje, anangoperekeza anzawo n'kuima patali. Nditawafunsa, anati: "A Bishop anandisanjika manja pa mapemphero a usiku. Ndikalowa mumzere uwu, si ndiye kuti ndamukayikira Mulungu?"

Sindinawaseke. Ambiri a inu muli ndi funso lomweli mumtima, kungoti simulitulutsa.

Tsegulani Marko 8, kuyambira vesi 22. Ku Betsaida Yesu anagwira maso a munthu wakhungu, kenaka anamufunsa ngati akuona kanthu. Taonani, Mchiritsi mwini wake akupima ngati maso achiradi! Munthu uja akanachita manyazi, akananena kuti zonse zili bwino kuti aoneke wachikhulupiriro. Koma ananena zoona, kuti anthu akuoneka ngati mitengo yoyenda. Yesu sanamudzudzule. Anamugwiranso kachiwiri, ndipo anaona bwinobwino. Akananama, akanapita kwawo akuona mitengo mpaka imfa. Mu Luka 17 namonso, akhate khumi aja anawatuma kwa ansembe kuti akawaone, chifukwa masiku amenewo ansembe ndiwo ankatsimikiza kuti khate latha.

Ndiye ine ndikuti, machiritso ochokera kwa Mulungu saopa tochi ya mwana wa sukulu. Ngati mwachira, kupima kudzangolimbitsa umboni wanu. Ngati simunachire, kubisa sikuchiritsa.

Ndipo matenda a maso sadikira kuti titsirize mtsutso. Ng'ala, imene imachititsa khungu anthu ambiri padziko lonse kuposa matenda ena onse, ndi kagalasi ka mkati mwa diso kamene kachita chifunga. Palibe mankhwala odonthezera amene amaichotsa. Dokotala amachotsa kagalasi kaja n'kuikapo kena kopanga, munthu ali maso, ndipo nthawi zambiri sipatha ndi ola limodzi lomwe. Koma glaucoma ndiye mbala ya usiku. Madzi a m'diso amachuluka mphamvu n'kumaononga mtsempha woonera pang'onopang'ono, kuyambira m'mbali, popanda kuwawa. Zimene yadya, mankhwala sabweza. Madontho amangoteteza zotsala. Imakonda anthu akuda, makamaka opitirira zaka 40 ndi amene ili kale m'banja mwawo. Inu a shuga, nanunso maso anu amafuna kupimidwa chaka ndi chaka, ngakhale mukuona bwino.

Chonde, mafuta odzozera ndi a pachipumi, osati othira m'diso. Mkaka wa m'mawere, mkodzo ndi madzi a masamba, ayi.

Ena amati, "Ana awa akungophunzirira pa ife osauka." Inde akuphunzira, sitibisa. Koma iwo sachita opaleshoni, amapima chabe n'kulemba kalata yotumiza kuchipatala, monga ku UTH kuno ku Lusaka kapena ku Mwami kwa abale athu a ku Chipata. Ndipo mwana amene wataya Loweruka lake kukhala pafumbi ndi agogo anu, ameneyo ndi dokotala amene ine ndingakonde kudzamupeza ndikadzakalamba.

Ndiulule zanga. Kwa miyezi ndakhala ndikutambasula mkono powerenga Baibulo paguwa, n'kumanena kuti magetsi a m'tchalitchi ndi ofooka. Mtsikana wina wa msinkhu wa mwana wanga woyamba anandipatsa kapepala kuti ndiwerenge, ndinalephera mizere itatu yomaliza. Anati ndi zaka chabe, mukadutsa 40 zimachitika, n'kundiyesa magalasi. Kunyada kwanga kunali kutavala jekete ya chikhulupiriro.

Mayi aja sanalowe mumzere tsiku lija. Dzulo tinakhala pansi ndi Marko 8, anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anafunsa kuti minibasi ya ku UTH ndi zingati. Tipita limodzi Lachiwiri m'mamawa. A Bishop ati adzawapempherera tisananyamuke.