Vinyo wosungidwa amadikira ndani?

Masiku ano m'nyumba zina kuno ku Domwe, ku Ulongwe, ngakhale tsidya la malire ku Dedza ndi ku Ntcheu, mukalowa pabalaza mupeza botolo la vinyo wofiira lili chiimire m'kabati. Linabwera ndi mwana wogwira ntchito ku Tete, ku Maputo kapena ku Johannesburg, ndipo eni nyumba amakuuzani kuti silotsegula, ati vinyo amakoma akakalamba. Ena afika poonjezera lachiwiri ndi lachitatu. Ine ndimaulutsa mawu pa wailesi ya m'dera, ndipo nkhani ya mowa ikabwera pa pulogalamu omvera amagawikana pawiri: ena amati kumwa nkulakwa, ena amati ayi. Mkanganowo ndiusiye kaye. Funso langa ndi lina. Kodi nkoyenera kusunga chinthu chokoma ndi chodula kwa zaka zambiri, pakati pa anthu amene ena mwa iwo amagona ndi njala mu Febuluwale?

Tiyambe tachidziwa chinthucho. Vinyo amapangidwa ndi mphesa, ndipo wofiira wambiri wotchuka amakhala wosakaniza mitundu ingapo ya mphesazo, kuti mtundu wina upereke fungo, wina mphamvu, wina kufewa pakamwa. Akawira amathiridwa m'migolo yamatabwa. Mgolo wodziwika wa ku Bordeaux, ku France, umalowa malita 225, omwe ndi mabotolo 300. Akadali wamng'ono, vinyo wotere amamanga pakamwa ngati nthochi yosapsa, koma zaka zikamapita kumangako kumachepa.

Ku Portugal, m'chigwa cha mtsinje wa Douro, kuli vinyo wotchedwa Barca Velha, amene anayamba kupangidwa mu 1952 ndi Fernando Nicolau de Almeida. Amasakaniza mphesa monga Touriga Nacional, Touriga Franca ndi Tinta Roriz. Eni ake satulutsa dzinali chaka chilichonse, koma pokhapokha mphesa zikachita bwino kwambiri, ndipo amadikira zaka asanagulitse. Wa mphesa za 2011 anafika pamsika mu 2020. Kunena zoona, kudekha kotere nkosiririka. Mlimi wa fodya amene amayanika tsamba m'chigafa osalifulumiza, kapena agogo amene anabzala mtengo wa pichesi podziwa kuti odya kwambiri adzakhala adzukulu, angamvetse bwino mtima umenewu.

Ndikumvetsanso chifukwa chake munthu wa kuno angakhumbe botolo labwino. M'nthawi ya atsamunda, boma la Apwitikizi linkafuna msika wa vinyo wa kwawo, choncho linkapondereza mowa wophikidwa ndi wotchezedwa m'midzi uku likudzaza makantina ndi vinyo wotsika. Wolemba mbiri José Capela anatulutsa buku la nkhani imeneyi mu 1973, lotchedwa O Vinho para o Preto, kutanthauza vinyo wa munthu wakuda. Wabwino ankatsala kwa eni ake. Ndiye mdzukulu wa anthu aja akagula lero vinyo amene agogo ake sakanaloledwa ngakhale kumununkhiza patebulo la bwana, sindingamuseke. Kukonda chinthu chopangidwa mwaluso si mlandu, ndipo umphawi wa dera lathu sutilamula kukonda zoipa zokhazokha.

Komabe chikhalidwe chathu chimatiphunzitsa zina pa nkhani ya chakumwa. Mowa wa masese sudikira munthu. Ukapsa uyenera kumwedwa m'masiku ochepa, apo ayi usasa. Chifukwa cha ichi, wophika masese sangamwe yekha. Amaitana anthu ku dima kuti alime munda limodzi, amaphikira ukwati, amaphikira chikumbutso cha malemu, ndipo chipanda chimayenda kuchoka m'manja mwa uyu kupita kwa uyo. Osamwa mowa amapatsidwa thobwa, lomwenso silikhalitsa. Kuwonongeka msanga kwa zakumwa zathu ndiko kunkatikakamiza kugawana. Vinyo wokhalitsa amachotsa chikakamizo chimenechi. Mwini wake angathe kunena kuti "nthawi siinakwane" chaka ndi chaka, mpaka tsiku la maliro ake, popanda womudzudzula.

Kodi ndiye kuti kusunga nkoipa? Ayi ndithu. Ife a ku Angonia ndife anthu a nkhokwe. Amene wadya chimanga chonse mu Juni timamutcha wosaganiza za mawa, ndipo mayi wosunga mbewu ya nyemba timamulemekeza. Koma timadziwanso kusunga kwina, kwa wamalonda amene amagula chimanga motchipa nthawi yokolola, nkuchitsekera mpaka Januwale kuti adzagulitse kwa alimi omwewo pa mtengo wolilitsa. Onse awiri asunga, matumba ake ndi ofanana, koma woyamba akudikira ana ake ndi alendo, wachiwiri akudikira njala ya anzake. Chosiyanitsa ndi chimene akudikira.

Muyeso womwewo ndi umene ndikuika pa vinyo. Kunja kuli anthu amene amagula mabotolo osati kuti adzamwe, koma kuti adzagulitse mtengo ukakwera. Mu 2018, ku New York, botolo limodzi la Romanée-Conti wa 1945 linagulidwa pa madola 558,000. Pamenepo vinyo wasiya kukhala chakumwa, wasanduka ndalama yotsekeredwa m'galasi, ndipo thukuta la wolima mphesa silidzafika pakamwa pa munthu aliyense ngati botololo lizingoyenda kuchoka kwa wolemera uyu kupita kwa uyo. Kwathu kuno sitinafike pamenepo, koma tili ndi nthenda yofanana nayo, yosunga kuti anthu aone.

Apa vinyo mwini wake amatiweruza. Kuti akalambe bwino amafuna malo amdima, ozizira pafupifupi madigiri 13, kosasinthasintha, ndipo botolo ligone chammbali kuti chotsekera chake chisaume nkulowetsa mpweya. Kuzizira kwa Juni ndi Julaye kuno kumapiri sikungamuvute, koma kutentha kwa Okutobala pansi pa malata kumamuphika. Botolo loimikidwa m'kabati yagalasi, pamene dzuwa la pazenera limafika, likuwonongeka pang'onopang'ono mwini wake akunyadira. Ndiponso vinyo wambiri wa m'masitolo sanapangidwe kuti asungidwe, ndi womwa m'chaka chimodzi kapena ziwiri. Choncho wosunga moona amabisa, pamene woonetsa amawononga. Simungachite zonse ziwiri.

Wina anena kuti ndalama ndi zake, agula chimene afuna. Ndi zoona, koma m'banja mulibe ndalama ya munthu mmodzi. Alipo mabotolo amene mtengo wake ukuposa thumba la feteleza. Bambo amene wagula lotere munda wa mbatatesi uli wachikasu, kapena mwana atabwezedwa kusukulu chifukwa chosowa yunifolomu, sanasunge kanthu, wangobisa chakudya cha ana ake m'botolo. Koma amene wakwaniritsa za pakhomo, nkupatula pang'ono kuti mwana wake akadzamaliza maphunziro kapena akadzakwatiwa adzatsegule pamaso pa ankhoswe ndi abale, ameneyo sasiyana ndi mayi woweta tambala wa mlendo. Tambalayo sadyedwa lero, koma aliyense pakhomo akudziwa kuti tsiku lake lilipo.

Akuluakulu anati kupatsa nkuika. Iwo ankaona kuti nkhokwe yodalirika koposa ndi anthu amene unadya nawo. Mwambiwu sukuletsa kusunga, koma ukutikumbutsa kuti chosungidwa chimapeza phindu lake tsiku limene chaperekedwa. Vinyonso ali ndi malire: amakoma mpaka pena, kenako amatsika, ndipo wodikira mopitirira amadzatsegula chinthu chosasa.

Nkhaniyi ikukhudzanso inu amene simulawa mowa. M'nyumba zathu muli mbale zadothi zimene sizinaonepo nsima, zitenje zimene zikudyedwa ndi njenjete m'sutikesi, mabulangete amene akudikira mlendo wosadziwika pamene agogo akunjenjemera mu Julaye. Pa chilichonse mwa izi dzifunseni mafunso atatu. Kodi pogula ndinamana ndani? Kodi ndikusungira tsiku liti? Nanga tsikulo ndidzakhala ndi ndani? Ngati mayankho muli nawo, sungani ndi mtima woyera, ndipo ngati ndi botolo, ligonekeni pamalo amdima. Ngati tsiku mulibe, lisankheni, muwauze anthu ake kuti adziwe.