Mbewa Zikachuluka Siziika Masa

Amene anakulira kokumba mbewa amadziwa kuti mauna safanana. Una wa mbewa imodzi kapena ziwiri umakhala wosamalika. Ukaulondola ndi khasu mpaka kumathero umapeza tiudzu touma, timasamba ndi makoko a chimanga zitayalidwa bwino pogona, kwinaku njira itatsekedwa kuti utsi kapena njoka zisalowe msanga. Amenewo ndiwo masa. Koma makolo athu anaona kuti una wodzaza, uja anyamata amakuwa nawo kuti lero ndiwo zapezeka, kawirikawiri umakhala wosakonza. Mbewa iliyonse imangolowa n'kudzipinda, poyesa kuti inzake yatuta kale udzu, kapena ituta mawa. Likafika tsiku la khasu ndi utsi, zonse zimakathera pampani umodzi.

Akulu amaponya mwambiwu ntchito ikaonongeka anthu ali pomwepo, ambirimbiri, manja ali nawo. Nsima ya paukwati yapserera pomwe pamoto panali amayi khumi. Mbuzi zadya chimanga cha eni abusa ali asanu. Mjigo watha miyezi uli wothyoka pomwe mudzi wonse umamwa pomwepo. Ukafufuza supeza waulesi weniweni, ndipo m'menemo ndimo mwagona nzeru ya mwambiwu. Aliyense mwa amayi khumi aja kunyumba kwake sapsereza mphika. Chimene chinasowa ndi munthu wodziwa kuti mphika uwu uli m'manja mwanga, ukapsa afunsa ine.

Wina atha kufunsa kuti nanga si makolo omwewa anati mutu umodzi susenza denga? Inde, koma taonani anthu akamasenza denga la nkhokwe. Aliyense ali ndi mbali yake, phewa lake lili pansi pa phaso lodziwika, ndipo akangozemba denga limapendekera komweko, onse n'kumuona. Gulu lotere limagwira ntchito. Limene mwambi wathu ukudzudzula ndi gulu lopanda mbali, lija munthu atha kuchokapo popanda wodziwa kuti wachoka.

Mitsinje yathu ndi magombe a nyanja zili m'manja mwa gulu lotereli. Kaimeni pamilatho ya mitengo ija yolumikiza msika wa Tsoka ndi wa Lizulu mu Lilongwe, mwezi wa Okutobala madzi ataphwa. Kunsi kwanu muona majumbo akuda ndi abuluu atakoledwa m'mabango mpaka pomwe madzi analekezera dzinja latha, mabotolo a zakumwa ataunjikana pokhota mtsinje, timapepala ta mafirizesi, matewera a ana atatupa ndi madzi, kabichi woola. Chakumunsi pang'ono mayi akuchapa zovala, mwana wake akusewera m'madzi omwewo. Pamlathopo pamadutsa chinamtindi cha anthu tsiku lililonse, ndipo ambiri a iwo m'mawa womwewo asesa pabwalo pawo mpaka tsache kusiya mizere. Sindivomereza zoti ndife anthu auve. Pakhomo timasesa chifukwa pali mwini wake, ndipo alendo akapeza pali pauve amadziwa womunena.

Mukafunsa odutsawo mumva mayankho atatu. Woyamba ati, "Si ine ndataya." Wachiwiri ati, "Imeneyo ndi ntchito ya akhonsolo, nanga chiphaso timadula tsiku ndi tsikuchi n'chachiyani?" Ameneyu ali ndi mfundo, tibwererako. Wachitatu ati, "Mvula ikabwera zipita zokha." Yankho limeneli ndilo limandiwawa, chifukwa n'loona. Zimapitadi. Mtsinje wa Lilongwe umathira mu Linthipe, Linthipe n'kukathira m'nyanja ku Salima, komwe asodzi amakoka makoka odzaza majumbo pamodzi ndi nsomba. Za mu Mudi ku Blantyre zimakathera mu Shire, anthu a ku Chikwawa n'kumatunga. Zotsala zimatseka ngalande, madzi onyansa n'kusefukira m'misika ndi m'zitsime. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Inali ndi zifukwa zingapo, koma aliyense amene anaona ngalande za m'matauni athu nthawi imeneyo akudziwa kuti matendawa anapeza njira yolambula kale.

Kunyanja nkhani ndi yomweyi. Tsiku la Anakubala kapena Khirisimasi likadutsa, mchenga wa ku Senga Bay umatsala ndi magalasi a mabotolo osweka pomwe ana a asodzi amathamanga opanda nsapato. Ku Cape Maclear, komwe bungwe la UNESCO linaika m'gulu la malo amtengo wapatali padziko lonse mu 1984 makamaka chifukwa cha nsomba za mbuna, zidutswa za maukonde otayidwa zimapitiriza kukola nsomba pansi pa madzi popanda wodzazionjola.

Boma linayesapo. Mu Novembala 2020 Pulezidenti Lazarus Chakwera anakhazikitsa tsiku losesa dziko lonse ku Chinsapo mu Lilongwe, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse. Ganizo lake linali labwino, ndipo miyezi yoyamba anthu anatulukadi ndi matsache. Koma tsiku la aliyense limagwa m'mbuna yomwe mwambiwu ukunena. Kuitana dziko lonse n'kuchulukitsa mbewa. Palibe amene anapatsidwa ngalande yakeyake kuti ikatsekeka adzafunsidwe, choncho makamera atachoka, matsache nawo anabwerera kuseri kwa zitseko.

Ku Mumbai, m'dziko la India, kuli gombe lotchedwa Versova, lotalika pafupifupi makilomita 2.5. Pofika 2015 mchenga wake sunkaoneka. Malo ena zinyalala zinkafika m'chiuno ndi kupitirira. Mumbai ndi mzinda wa anthu mamiliyoni ochuluka, ndipo onse oyandikira gombelo ankaliona, ankanunkhidwa nalo, ankadandaula. Mu Okutobala chaka chimenecho loya wina, Afroz Shah, anavala magolovesi n'kutsikira kugombeko ndi mnansi wake Harbansh Mathur, mkulu wa zaka 84. Anali awiri okha. Sanayambe ndi msonkhano kapena kulembetsa bungwe. Ankapita kumapeto a sabata iliyonse, malo omwewo, kutola ndi manja. Shah ankagogodanso m'makomo a anthu okhala m'mbali mwa mifuleni yothira m'nyanjamo, kucheza nawo za komwe zinyalala zawo zimathera. Anthu anayamba kubwera mmodzimmodzi, kenaka ana asukulu, asodzi, mpaka akatswiri a mafilimu, ndipo khonsolo ya mzindawo inatumiza magalimoto ndi makina okumbira. Patatha masabata 85 anali atachotsa zinyalala zoposa makilogalamu 5 miliyoni. Nthambi ya United Nations yoona zachilengedwe inamupatsa mphoto ya Champions of the Earth mu 2016, ndipo mu Malichi 2018 tiana ta akamba a m'nyanja tinaswedwa pagombelo, chinthu chomwe chinali chisanaoneke kwa zaka pafupifupi 20.

Chondigwira mtima pankhaniyi ndi chakuti gulu linabwera pambuyo, ndipo linapeza ntchito ili ndi mwini. Wobwera kumene ankadziwa kuti Loweruka akapita akapeza Shah ali pomwepo, thumba lili m'manja, ndipo amuuza poyambira. Sizinali zophweka. Chakumapeto kwa 2017 iye analengeza kuti wasiya, atatopa ndi anthu omutukwana ndi kumuopseza komanso milu ya zinyalala zotoledwa kale yomwe akhonsolo sankabwera kudzanyamula. Anabwerera akuluakulu a boma atalonjeza kukonza zinthu. Ndiye kuti ngakhale kuleka kwake kunamveka, chifukwa aliyense ankadziwa dzina la amene waleka.

Kwathu kuno chotchinga choyamba ndi manyazi. Tinakula tikuona kuti wotola zinyalala mumsewu ndi wamisala, kapena waganyu, kapena mwana wasukulu amene wapatsidwa chibalo. Munthu wovala bwino akawerama kutola botolo, anthu amayang'anana, wina n'kufunsa kuti, "Achimwene, kodi akulipirani zingati?" M'minibasi mnzako akatsegula zenera n'kuponya jumbo ya chipisi, mtima umakuwawa koma pakamwa pamalemera, poopa kuyankhidwa kuti msewu si wa bambo ako. Paja akulu omwewo anati mbewa yamanyazi inafera kuuna. Manyazi amenewa amatha ndi kubwereza. Sabata yoyamba akuseka, yachitatu akuzolowera, ndipo tsiku lina mayi wogulitsa tomato pafupi ndi mlatho akuuza kasitomala wake kuti, "Musataye pamenepo, pali bambo aja amatola." Munthu amene sangaope chikwangwani cha khonsolo amachita manyazi kutaya pamalo pomwe akudziwa nkhope ya amene adzawerame.

N'chifukwa chake ine ndimati wofuna kuyamba asalonjeze kuyeretsa mtsinje wa Lilongwe kapena nyanja yonse. Asankhe kachigawo komwe angathe kukatchula: kuchokera pamlatho kufika pamtengo wa mkuyu, kuchokera padoko pomwe pamakocheza mabwato kufika pamathandala oyanikapo usipa. Asankhe tsiku, alisunge. Auze amfumu kapena wapampando wa msika kuti pamenepa ndizitola ine, kuti mawuwo amumange. Avale magolovesi ndi nsapato zolimba, chifukwa m'zinyalala za mumtsinje mumakhala magalasi ndi majekeseni. Ndipo asaotche mapulasitiki pagombe pomwepo monga ambiri amachitira. Utsi wake ndi poizoni, ndipo zotsalira zake zimabwerera m'madzi.

Komabe kutola kokha sikungathetse vutoli, chifukwa majumbo ali ndi kochokera. Kafukufuku wa bungwe la Lilongwe Wildlife Trust mu 2019 anasonyeza kuti dziko lino limapanga matani pafupifupi 75,000 a pulasitiki pachaka, ndipo ambiri mwa iwo ndi ogwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala, osafika ma micron 60, mu 2015, koma makampani opanga anathamangira kukhoti n'kuimitsa lamulolo. Kwa zaka zingapo nkhaniyi inagona, aliyense akudikira mnzake. Mmodzi mwa amene anakana kudikira ndi Gloria Majiga-Kamoto, yemwe pogwira ntchito ndi alimi ku bungwe la Centre for Environmental Policy and Advocacy anaona mbuzi zikufa ndi majumbo m'mimba. Iye ndi anzake anasonkhanitsa mabungwe, anayankhula m'mawailesi, anaguba m'misewu, mpaka khoti lalikulu la apilo linagamula mu Julaye 2019 kuti chiletsocho chigwire ntchito. Mu 2021 analandira mphoto ya Goldman Environmental Prize. Makampani ena anabwereranso kukhoti kangapo pambuyo pake, ndipo majumbo opyapyala sanatheretu m'misika, koma mlanduwo unasuntha chifukwa unapeza anthu odziwika maina oukankha.

Tibwerere kwa uja anati ndi ntchito ya akhonsolo. Sakunama. Venda amene amadula chiphaso tsiku lililonse ali ndi ufulu wopeza bini pamsika ndi galimoto yodzanyamula zinyalala kupita nazo kumtaya, kaya ku Area 38 ku Lilongwe kapena ku Mzedi ku Blantyre. Munthu wotola payekha sayenera kusanduka chophimbira ulesi wa ofesi. Koma ndaona kuti dandaulo la anthu onse limalowa khutu ili n'kutulukira linalo, pomwe la munthu amene waunjika matumba m'mbali mwa msewu, n'kupita kwa khansala wa dera lake kukanena kuti, "Bwana, ife tatola, matumba ali pamlatho, galimoto ibwera liti?" limavuta kulizemba. Akapanda kubwera sabata ino amapitanso sabata yamawa, ali ndi mnzake, ali ndi chithunzi cha mulu uja pafoni. Nthawi yabwino yoyamba maulendo amenewa ndi Seputembala ndi Okutobala, madzi akadali ochepa ndipo zinyalala zikufikirika ndi manja, chifukwa chizimalupsa chikangogwa zonse zimene zili m'ngalande ndi m'mabango zimanyamuka usiku umodzi kulowera kunyanja.