Mtedza Umabereka Pansi

M'dera la Mfumu Kapondo, monganso m'madera ena a boma la Mchinji, mtedza ndi mbewu imene mwana aliyense amaidziŵa asanayambe sukulu. Mvula ikagwa bwino minda imabiriŵira, ndipo pakapita masabata angapo timaluŵa tachikasu timaoneka pakati pa masamba. Mlendo wosadziŵa ulimi angaganize kuti zipatso zidzabala pamene pali maluŵapo, monga zichitira nyemba ndi khobwe. Koma mtedza uli ndi khalidwe lakelake. Duŵa likafota, pamalo pake pamatuluka kamchira kosongoka kamene kamaŵerama nkuloŵa m'nthaka. Kumdima kumeneko, kumene diso silifika, ndiko kumene mtedza umakulira ndi kukhwimira. Kamchirako kakalephera kuloŵa pansi, duŵa lija lapita pachabe.

Khalidwe la mbewu imeneyi likhoza kuthandiza poyankha funso limene limavuta achinyamata ambiri obadwira m'mabanja achikhristu. Kodi munthu amakhala wophunzira wa Yesu chifukwa chakuti anabadwira mumpingo, kapena pali china chimene chiyenera kuchitika mwa iye mwini? Ngati chilipo, chimachitikira kuti, nanga chimasungika bwanji munthuyo akachoka kwawo?

Funsoli ndi lalikulu makamaka kwa anthu a m'malire. Mchinji ndi boma la apaulendo. Msewu wochokera ku Lilongwe umadutsa m'bomali kukafika ku Mwami ndi ku Chipata, ndipo njanji inafika pa Mchinji mu 1980. Mabanja ambiri ali ndi abale mbali zonse ziŵiri za malire, pakuti Acheŵa ndi Angoni anakhala m'derali malirewo asanalembedwe. Ena anabwera kuchokera kutali kudzagwira ntchito m'maesiteti a fodya, pamene anyamata ndi atsikana a m'midzi amapita ku Lilongwe, ku Lusaka kapena ku Johannesburg kukafuna ntchito. Munthu wotere amafika kumalo kumene palibe amene adziŵa dzina la amayi ake, ndipo palibe mkulu wa mpingo woti amufunse chifukwa chimene sanaonekere Lamulungu. Kumeneko ndiko kumadziŵika ngati chikhulupiriro chake chinali chake kapena chinali cha anthu omuyang'ana.

Chikhristu si chachilendo m'chigawo chimenechi. Amishoni a Dutch Reformed anayamba ntchito pa Mvera mu 1889, ndipo anzawo ena anatsegula mishoni ya Magwero, pafupi ndi Chipata, mu 1899. Ansembe a White Fathers anafika pa Kachebere mu 1903, ndipo mu 1939 pamalopo panatsegulidwa seminale yaikulu imene inaphunzitsa ansembe a m'Malaŵi ndi a m'Zambia omwe. Ena mwa amene anaphunzira pa Kachebere ndi Medardo Mazombwe, amene anadzakhala Kadinala mu 2010, ndi Patrick Kalilombe, amene anadzozedwa kukhala Episkopi wa Lilongwe mu 1972. Buku Lopatulika linasindikizidwa lonse m'chinenero cha anthu a kuno mu 1922. Matchalitchi, masukulu ndi zipatala za mishoni zimaoneka ndi aliyense wodutsa, ndipo ndi zinthu zoyenera kuyamika. Komabe zonsezi zili ngati masamba ndi maluŵa a mtedza. Zimasonyeza kuti mbewu inadzalidwa, koma sizinena za chimene chili pansi.

Chimodzimodzinso ndi munthu payekha. Akhoza kukhala ndi khadi la ubatizo, dzina la m'Baibulo, yunifolomu ya kwaya ndi mawu okoma oimbira, koma mkati muli gwa. Alimi amadziŵa kuti nthaŵi zina munda wa masamba obiriŵira umatulutsa mphwephwa, makoko okongola opanda kanthu. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Yesu mwini anafanizira ophunzira ake ndi nthambi za mpesa zimene sizingabale zitachoka pa tsinde, ndipo m'fanizo la wofesa anatchula mbewu zimene zinamera msanga pamwala koma zinafota dzuŵa litakula chifukwa zinalibe mizu. Dzina lakuti wophunzira likutanthauza munthu amene akali pa sukulu. Iye amamva mawu a mphunzitsi wake, amawasinkhasinkha, ndipo amawayesa m'zochita zake tsiku ndi tsiku mpaka imfa.

Choncho malo oyamba amene kamchira ka chikhulupiriro kayenera kuloŵa ndi mumtima mwa munthu, pamene palibe womuona. Chitsanzo chili pa msika wa mtedza womwewo. Nyengo yogulitsa ikafika, alimi ena amanyowetsa mtedza kuti usavute kuswa ndiponso kuti ulemere pa sikelo, ngakhale akudziŵa kuti mtedza wonyowa umachita chuku chimene chimadwalitsa amene adzaudye. Nawonso ogula ena amapotoza sikelo kuti thumba lodzaza lioneke lopepuka. Wogulitsa ndi wogula onse aŵiri akhoza kukhala pa benchi limodzi Lamulungu nkuimba nyimbo imodzi. Mlimi amene akana kuthira madzi mtedza wake amataya ndalama zenizeni, mwina zimene zikanagula sopo kapena kulipira fizi ya mwana, ndipo palibe amene adzamuombere m'manja. Komatu pamenepo ndi pamene pali mayeso a wophunzira wa Yesu. Pemphero la m'maŵa ndi kuŵerenga Mawu a Mulungu zili ndi phindu ngati zimupatsa munthu mphamvu yoima pa choona panthaŵi ngati imeneyi.

Malo achiŵiri ndi banja. M'mera mpoyamba, ndipo mwana amaphunzira za Mulungu m'maso asanaphunzire m'makutu. Amaona ngati bambo ake amalankhula ndi amayi ake mwaulemu, ngati mlendo wofika madzulo amapatsidwa nsima, ndiponso ngati ngongole ya mnansi imabwezedwa. Paulo polembera Timoteo anakumbukira kuti chikhulupiriro cha mnyamatayo chinayamba mwa agogo ake a Loisi ndi amayi ake a Yunike. M'midzi ya Acheŵa, m'mene mbumba imamangika pa amayi ndipo malume ali ndi mawu pa ana a mlongo wake, ntchito yolera mwana m'chikhulupiriro ili m'manja mwa anthu ambiri. Agogo amene amaphunzitsa adzukulu kupemphera asanagone amagwira ntchito imene mbusa kapena wansembe wobwera mwa apo ndi apo sangathe kuigwira.

Pamenepa wina akhoza kutsutsa kuti chikhulupiriro cholandira kwa makolo ndi chizoloŵezi chabe, monga mfunda kapena kalankhulidwe ka kwawo. Maganizo ameneŵa ali ndi choona chake. Palibe amene amaloŵa ufumu wa Mulungu pa khadi la amayi ake, monga palibe amene amakhuta chifukwa mnzake wadya. Makolo amalima mizere, amapalira ndi kufeŵetsa nthaka, koma kamchira kamaloŵa kokha. Nthaŵi imafika pamene mnyamata kapena mtsikana ayenera kufunsa mafunso ovuta, kukayika kumene, kenaka nkusankha yekha. Kufunsa koteroko si tchimo, pakuti safunsa anadya phula. Chimene banja labwino limachita ndi kupereka nthaka yofeŵa kuti tsiku losankhalo likafika, mwanayo akhale atadziŵa kale chimene akusankha.

Nthaŵi zinanso banja lomwelo ndilo limayesa chikhulupiriro cha munthu. Achibale akhoza kugwirizana zokwatitsa mtsikana amene akali pa sukulu chifukwa cha umphaŵi, kapena kuloza chala nkhalamba ya m'mudzi kuti ndiyo yalodza mwana amene wamwalira ndi malungo. Wophunzira wa Yesu sanyoza akulu ake, ndipo sathaŵa maliro kapena milandu ya pabanja ponamizira mapemphero. Amakhala nawo pansi, amalankhula mofatsa, koma savomereza choipa. Kumbali inayo, alipo ena amene amatha sabata yathunthu ku misonkhano ya mpingo pamene ana awo akugona ndi njala ndipo munda waloŵa thengo. Munthu wotere walakwira banja ndi mpingo womwe, chifukwa anansi ake amaŵeruza Uthenga Wabwino poona pakhomo pake.

Malo achitatu ndi mpingo ndi ntchito yake. Mutu umodzi susenza denga, ndipo khala lamoto likachotsedwa pa anzake limazima msanga. Mbiri ya Dayosizi ya Lilongwe, imene Mchinji ndi mbali yake, ili ndi phunziro pa nkhaniyi. Pakati pa 1973 ndi 1975 Episkopi Kalilombe anatsogolera msonkhano waukulu wa dayosiziyo, umene unalimbikitsa kuti akhristu a mudzi umodzi kapena midzi yoyandikana azikumana m'timagulu totchedwa miphakati. M'miphakatimo anthu wamba amaŵerenga Mawu a Mulungu, amakambirana mavuto a m'mudzi, amayendera odwala, amathandiza pa maliro ndi kukonzekeretsa ana ku masakramenti. Boma la nthaŵi imeneyo linakayikira timagulu timeneti, ndipo mu 1976 Episkopiyo anachoka m'dziko muno nakakhala kunja zaka zambiri. Mtsogoleri anachoka, koma miphakati inatsala, ndipo ilipo mpaka lero. Inapirira chifukwa inali itazika mizu m'makomo mwa anthu, pansi pa mitengo ya mango ndi m'makonde mwa nyumba zofolera udzu.

Akhristu a Sinodi ya Nkhoma ali ndi njira yofanana nayo m'mapemphero a m'milaga, m'Chigwirizano cha amayi ndi m'ntchito ya alangizi. Mipingo ina nayonso ili ndi magulu ake. Maina amasiyana koma nzeru yake ndi imodzi: ntchito ya mpingo ndi ya mkhristu aliyense. Mtsikana wa sekondale amene amatungira madzi gogo wosaona, kapena mnyamata amene amaphunzitsa ana Sande Sukulu m'nyumba ya mapemphero ya kumudzi, akugwira ntchito yomweyo imene inabweretsa amishoni pa Mvera ndi pa Kachebere. Potumikira ena, iye mwini amalimba, pakuti chikhulupiriro chimene sichigwira ntchito chimafooka ngati mwendo wosayendera.

Malire a kumadzuloŵa anaonanso anthu amene chikhulupiriro chawo chinayesedwa ndi moto. Mpingo wa Mboni za Yehova unaletsedwa m'Malaŵi mu 1967, ndipo mu 1972 anthu ake zikwizikwi anathaŵira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia atazunzidwa chifukwa chokana kugula makadi a chipani. Anasiya nyumba, minda ndi ziŵeto, ndipo ambiri anamwalira kumsasako. Chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Munthu akhoza kusiyana nawo pa ziphunzitso, koma sangakane kuti chimene anali nacho chinali chozama kuposa chizoloŵezi. Chizoloŵezi chimatha nyumba ikapsa.

Funso lotsala ndi la wapaulendo uja. Ngati mizu ili m'banja ndi mumpingo wa kwawo, kodi wochoka kwawo ndiye kuti wazuka? Apanso mtedza ukuyankha. Mbewu yokhwima bwino imanyamulika. Ikhoza kuikidwa m'thumba nkupita nayo kutali, ndipo ikadzalidwa m'nthaka ina imamera nkubala mtedza womwewo. Choopsa ndi kuisiya m'thumbamo zaka zambiri mpaka itafumbwa. Amalaŵi amene anapita kukagwira ntchito ku Southern Rhodesia, dziko limene lero ndi Zimbabwe, anadziŵa zimenezi. Iwo anayamba kusonkhana okha m'migodi ndi m'mafamu, napempha kuti kwawo kuwatumizire mbusa. Mu 1912 Mbusa T.C.B. Vlok, mmodzi wa amene anayambitsa Mvera, anapita ku Salisbury kukawatumikira, ndipo ntchito imeneyo inabala Sinodi ya Harare ya mpingo wa CCAP. Anthuwo anali kutali ndi makolo awo, koma anadzala mbewu imene ananyamula.

Motero wachinyamata wa kwa Kapondo amene akupita kusukulu yogonera konko kapena kutauni ali ndi zinthu zitatu zoti achite. Asunge nthaŵi yake ya pemphero ngakhale m'chipinda mutakhala phokoso. Asadule chingwe cha kwawo, koma azikumbukira makolo ake ndi mawu ndi thandizo lomwe, pakuti madzi saiŵala khwaŵa. Ndipo akafika kumalo achilendo afunefune akhristu anzake msanga, adzidziŵitse kwa akulu a mpingo ndi kupempha ntchito yoti agwire, m'malo mokhala pa benchi la kumbuyo ngati mlendo wa tsiku limodzi.

Pomaliza, kubadwira mumpingo ndi mwaŵi waukulu, koma ndi chiyambi chabe. Munthu amakhala wophunzira wa Yesu pamene chikhulupiriro chake chaloŵa pansi, m'zosankha zimene amachita ali yekha, m'makhalidwe a pakhomo pake ndi m'ntchito zazing'ono zotumikira anzake. Zambiri mwa zimenezi sizioneka ndipo sizitchulidwa pa guwa. Mlimi wa mtedza saŵerengera zokolola zake poona masamba m'mwezi wa Febuluwale. Amadikira tsiku lokumba, ndipo khasu likatembenuza nthaka, ndi pamene aliyense amaona chimene mbewu ija inali kuchita nyengo yonseyo.