Mlonda Anali Pakhomo

Chikalata chija achimata kale pakhoma la holo ya m'tauni mwathu. Chikunena kuti kuyambira mwezi wa Meyi mpaka Ogasiti, Loweruka lililonse masana kuzikhala zisudzo. Masabata oyambirira awapereka kwa anthabwala, pakatipo pali masewero olemera aja oti munthu umatuluka mu holo mutu uli pansi, ndipo kumapeto asiyako masabata awiri kuti ana asukulu nawonso adzaonetse zawo. Dzina la sukulu yathu lili pomwepo, m'timalemba ting'onoting'ono pansi penipeni. Ana anga a kalabu ya zisudzo ataliona analumpha ndi chimwemwe. Ine amene ndakhala ndikuwayang'anira kwa zaka khumi ndi chimodzi ndinangoti kakasi, chifukwa ndinadziwiratu sewero limene apemphe kuti tikaonetse.

Sewerolo tinalichitapo kamodzi kokha, zaka zitatu zapitazo, pa tsiku lotsekera teremu yachitatu. Ndi nkhani ya wosunga katundu wa pasukulu ina amene ankazembetsa ufa ndi nyemba za ana ogonera konko n'kumanamizira makoswe. Aphunzitsi onse a m'seweromo ankadziwa koma anatseka pakamwa, poti nawonso ankalandirako kathumba. Amene anaulula zonse ndi mlonda wa pageti, nkhalamba yachibwibwi imene aliyense ankaiyesa chitsiru. Papepala nkhaniyi inali yabwino, ndipo ine ndinaivomereza ndi manja awiri. Chimene sindinafune kuchiona n'chakuti mlonda wa m'seweroyo sanachokere m'mutu mwa ana. Anachokera pageti pathu pomwepa. Mnyamata wa Fomu 1 amene anatenga mbaliyo anabwereka chikhoti chachitali chonga cha bambo a pageti aja, anamanga tochi yake ndi mphira monga amachitira iwo, ndipo akafika pa liwu lovuta ankatsinzina n'kumenya phazi pansi ndendende ngati iwo.

Holo yonse inafa ndi phwete. Ena anachita kugwa pa mabenchi, akuluakulu a komiti ya makolo akupukuta misozi ndi mipango. Ine ndinali kuseri kwa katani, ndikudzimva kuti ndine katswiri. Nditasuzumira kuti ndione unyinji wa anthu, maso anga anakagwera kukhomo. Bambo aja anali ataima pamenepo, makiyi ali m'manja, kudikira kuti tikamaliza atseke holo. Anali akumwetulira. Usiku umenewo ndinagona tulo tabwino, nditadziuza kuti ngati mwini wake waseka ndiye kuti palibe mlandu.

M'mawa mwake, ndikubwera kudzatenga mapepala a mayeso, anandilonjera monga mwa masiku onse n'kunena kuti, “Aphunzitsi, mwana uja amanditha. Ngakhale ineyo ndinadzizindikira.” Sindilemba pano mmene mawuwo anatulukira m'kamwa mwawo, ntchito imeneyo ndinailola kale kamodzi ndipo inakwana. Ndinaseka mopepukidwa, ndikuti nkhani yatha. Atanditsegulira geti anawonjezera motsitsa mawu kuti, “Kungoti mtsikana wanga anali momwemo.” Mwana wawo anali Fomu 3 pasukulu yathu yomweyi, ndipo ine ndinkamuphunzitsa Chichewa. Chaka chonse chotsatira, akangoimirira m'kalasi kuti ayankhe funso, kumbuyo kunkamveka wina akumenya phazi pansi. Pofika teremu yachiwiri anali atasiya kukweza mkono.

Tsono funso limene landisowetsa mtendere kuyambira tsiku limene anamata chikalata chija ndi ili: kodi munthu akaseketsa anzake, osanena bodza, osatukwana, osatchula dzina la munthu, angakhalebe ndi mlandu? Kuseka timakuona ngati chinthu chosalakwa, chongotibwerera chokha ngati kuyetsemula. Mngelezi wina woganiza mozama, Thomas Hobbes, analemba m'buku lake la Leviathan mu 1651 kuti kawirikawiri munthu amaseka akazindikira mwadzidzidzi kuti iye ali pabwino kuposa mnzake. Ndili ku koleji ndinkati mkulu ameneyu anali ndi mtima wowawa chabe. Koma ndikakumbukira bwino tsiku lija, anthu sankaseka wakuba. Pamene mlonda ankawerenga matumba obedwa, palibe amene anamva chiwerengero chake, chifukwa phwete linkayamba liwu loyamba lisanathe. Aliyense mu holo muja ankakondwa kuti lilime lake limamumvera.

Yankho lachangu, limene ndalimva kwa anzanga ambiri olemba, n'lakuti nthabwala iziluma amphamvu, ofooka iziwasiya. Mbiri yathu imagwirizana nalo ndithu. Pa nthawi imene munthu wakuda sakanatha kuyankha mzungu pamaso, ku dambwe kunatuluka Simoni wa nkhope yofiira ngati wopsa ndi dzuwa, ndipo mudzi wonse unkamuseka pabwalo masanasana. Gule Wamkulu amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005 ndi yemweyo amene amishoni ndi atsamunda ankadana naye, ndipo sindikhulupirira kuti nkhani inali chipembedzo chokha. Mu ulamuliro wa Kamuzu, lamulo la 1968 linkafuna kuti sewero liyambe launikidwa ndi Censorship Board lisanafike pamaso pa anthu. Olemba anaphunzira kulankhula mokuluwika. Steve Chimombo anabwerera ku nkhani ya M'bona m'sewero lake la The Rainmaker, ndipo oonerera ankamva zambiri kuposa zimene zinali papepala. Ndili mnyamata ndinaonerako gulu la Wakhumbata, limene Du Chisiza Jr. anakhazikitsa mu 1987, ku French Cultural Centre ku Blantyre, malo amene lero timawatcha Blantyre Cultural Centre. Ndimakumbukira mmene anthu ankayambira ayang'ana kumanja ndi kumanzere asanatulutse chiseko chawo. Kuseka kumeneko kunali kodula, ndipo kunkafuna kulimba mtima.

N'chifukwa chake cholembera chofiira ndimachiopa. Nditauza ana kuti mwina tisankhe sewero lina, mnyamata uja, amene pano ali Fomu 4 ndipo ndi wapampando wa kalabu, sanachedwe kundilasa nacho. “Sala, si inu nomwe munatiphunzitsa za anthu amene ankadula masewero a anzawo? Lero mwasanduka inuyo?” Kenaka anawonjezera mfundo imene sindinathe kuikana, yakuti m'sewero lonselo munthu woona mtima ndi mmodzi yekha, mlondayo. Aphunzitsi ndi akuba, komiti ndi yogona, ana ndi amantha. Tikamuchotsa, tikhala tachotsa ngwazi.

Komabe lamulo loti ofooka asamasekedwe silikwanira, ndipo mwambo wathu womwe ndi umene ukulitsutsa. Ndani wofooka kuposa namfedwa? Koma pitani pamaliro kumudzi mukamve zimene adzukulu amalankhula. Amaseleula ofedwa, amatengera kayendedwe ka malemu, amathamangitsa nkhuku za pakhomopo popanda wowaletsa, ndipo mayi amene wakhala akulira usiku wonse mumamuona akubisa kumwetulira m'chitenje. Palibe amene amati adzukulu ndi ankhanza. Msuweni wako akhoza kukunena mawu amene munthu wina atakunena mungakathere kwa amfumu, iwe n'kungoseka. Ku Zambia, Angoni ndi Abemba amene makolo awo ankamenyana ali pa chimbuya mpaka lero: amanyozana poyera ndi kupakana ufa pamaliro, wina osakwiya.

Ndasinkhasinkha kwa masiku ambiri chimene chimayeretsa chipongwe choterechi, ndipo ndikuona zinthu ziwiri. Choyamba n'chakuti wosekedwayo ali ndi mpata wobwezera. Msuweni akakuseka lero, mawa ndi tsiku lako. Chachiwiri, chimene ndikuchiona chachikulu, n'chakuti wosekayo amasenza nawo katundu. Mdzukulu amene akukuseleula ndi yemweyo amene wadzuka mbandakucha kukakumba manda a mbale wako, ndipo dothi likadali m'zikhadabo zake. Ufulu woseka anaugula ndi thukuta. Izeki ndi Jakobo, ndiye kuti John Nyanga amene anatisiya mu 2016 ndi Eric Mabedi amene anamutsatira mu 2021, anatiseketsa kwa zaka zambiri mwa njira yofananako: uchitsiru ankauvala okha, wina akaponya mnzake ankabweza, ndipo potuluka unkapeza kuti amene umamuseka uja ndiwe wemwe.

Bambo a pageti analibe chilichonse mwa ziwirizi. Sakanakwera pansanja sabata yotsatira kuti atengere mmene ine ndimakokera thalauza m'mwamba ndisanalembe pabolodi, ngakhale ndikudziwa kuti akanatha. Malipiro awo amadutsa mu ofesi imene ine ndimamweramo tiyi. Ndipo ife amene tinawaseka sitinawasenzereko kalikonse. Titamaliza tinapita kukagona, iwo n'kutsala panja ndi chikhoti chomwe chija. Ndikayang'ana masewero ambiri anthabwala amene timawakonda, ndimapezamo anthu omwewomwewo: wantchito wa m'nyumba wosadziwa kuyatsa mbaula ya magetsi, wakumudzi wosochera m'tauni, munthu wolankhula Chichewa mwa kamvekedwe ka chilankhulo cha kwawo. Onsewa ndi anthu oti tikiti ya pakhomo sangaikwanitse, ndiye sitiyembekezera kuwapeza mu holo. Vuto langa linali lakuti wanga uja anali ndi makiyi.

Apa wina akhoza kunena kuti basi, tizipempha kaye chilolezo kwa amene tikufuna kumuseka. Zimenezo sizingatheke, ndipo sizoyenera. Wakuba ufa uja sangalole, nduna yakatangale singalole, ndipo zisudzo zodikira chilolezo cha oterowo ndi zomwe zija tinazikana mu 1993. Kusiyana kulipo n'kwakuti wakuba timamuseka pa chimene anasankha yekha, ndipo akachita manyazi akhoza kuleka. Chibwibwi munthu sasankha, ndipo manyazi amangochikulitsa. Chiseko cholunjika pa wakuba chili ndi ntchito yoti chigwire. Cholunjika pa lilime la mlonda chilibe kopita, chimangokhala pa iye ndi pa ana ake.

Koma ndikafika apa, mfundo ya mnyamata uja imabweranso. Ndikanena kuti pansanja pasamaoneke wachibwibwi, wolumala kapena wosauka poopa kuti anthu aseka, ndiye kuti ndawachotsa m'nkhani zathu zonse, ndipo sadzakhalanso ngwazi m'sewero lililonse. Kumeneko n'kunyoza kwa mtundu wina, kwaulemu pamaso, kofanana ndi kwa banja limene limatsekera mwana wolumala kuchipinda kukabwera alendo. Ndiye ndinapezeka ndili pakati: kusiya sewero mmene lilili n'kubwereza chimene ndinachita, kulidula n'kukhala chimene ndimadana nacho.

Lachiwiri lapitali madzulo ndinatenga mnyamatayo n'kupita naye ku kanyumba ka pageti. Ndinachita manyazi kuona kuti m'zaka zonsezi ndinali ndisanalowemo. Muli benchi, mbaula ya makala ndi kalendala ya chaka chatha. Ndinafotokoza zonse, ndinapepesa mochedwa ndi zaka zitatu, ndipo ndinawauza kuti akakana, sewerolo lithera pomwepo. Anakhala chete nthawi yaitali akusonkhezera moto. Kenaka anatembenukira kwa mnyamatayo, osati kwa ine.

“Chibwibwicho usachichotse, n'changa. Koma mwana iwe unalakwitsa penapake. Ine ndikamaimba sindichita chibwibwi. Ukafunse a kwaya ku tchalitchi kwathu.”

Mnyamatayo anayang'ana kwa ine ngati kuti ndimutsimikizire. N'zoona ndithu, anthu ambiri achibwibwi akamaimba mawu amangoyenda osakodwa, koma ife amene tinkati tawaphunzira bwino bambowa sitinkadziwa n'komwe kuti amaimba. Tinatenga chikhoti, tochi ndi phazi, n'kuyesa kuti tatenga munthu.

“Chinanso,” anapitiriza, “anthu akayamba kuseka, usamathamange kuti umalize msanga. Uziima, uziwayang'ana, adikire. Ine ndakhala ndikudikira anthu pageti pano zaka makumi awiri.”

Ana alembanso chigawo chomaliza. Tsopano mlonda akalephera katatu kutchula dzina la wakuba pamaso pa komiti, amavula chipewa n'kuyamba kuimba, ndipo matumba onse amawawerenga m'nyimbomo, limodzilimodzi, ndi tsiku limene lililonse linatuluka pageti. Poyeserera Lachinayi, ana a Fomu 1 amene anabwera kudzaonerera anaseka poyamba monga ankasekera akulu awo. Mnyamatayo anaima n'kuwayang'ana. Chisekocho chinazilala pang'onopang'ono mpaka kunangotsala kamtsikana kamodzi, nako kanagwira pakamwa. Sindikudziwa ngati anthu a m'tauni, olipira ndalama zawo kuti adzaseke, adzachite chimodzimodzi.

Dzina la sewerolo ndatumiza kale kwa okonza ndondomeko. Koma pobwerera kunyumba usiku uja panali chinthu chimene chinkandilumabe. Mphunzitsi akabwera yekha m'kanyumba ka mlonda kudzapempha, kodi mlondayo angathedi kukana? Anavomera ndi mtima wonse, kapena anamwetulira monga anamwetulira pakhomo pa holo tsiku lija? Ndipo amene anavulala kwambiri sitinamufunse n'komwe. Mtsikana uja anamaliza Fomu 4, pano akugulitsa m'sitolo ina m'tauni momwemo, pafupi ndi khoma limene amatapo chikalata chija.

Ndinagula matikiti atatu a mzere wakutsogolo n'kukawasiya pageti. Dzulo bambo aja anandiuza kuti mayi a kunyumba avomera, ndipo ayamba kale kufunsa chitenje choti adzavale. Nditafunsa za mwana wawo anangoti uthenga anamutumizira. Tikiti yachitatu ikadali pawindo la kanyumba kaja, ataitsindika ndi tochi kuti isauluke ndi mphepo.