Kodi Nkhokwe Yodzaza Itsutsa Chikhulupiriro?

Akatekisiti ena andifunsa: kodi Mkhristu wosunga chimanga cha chaka chamawa sakayika Mulungu? Ine nditi iyayi. Yosefe anakundika tirigu zaka 7 ku Ejipito, napulumutsa mitundu yambiri. Komatu mwini chuma wa m'fanizo la Luka Woyera anadzazanso nkhokwe, natchedwa wopusa. Asiyana pati? Yosefe anasungira anjala. Winayo anadzisungira yekha.

Pa njala ya 1949 amuna ambiri anapita kutali kukasuma, ena osabwerera, ana natsala ndi amayi awo okha. Tsono, abale anga, pokolola musagulitse zonse, ngakhale ndalama ikope mtima. Bzalaninso chinangwa, chopirira chilala. Ndipo powerenga matumba a banja lanu, muwerengeremo mayi wamasiye woyandikana nanu, amene nkhokwe yake idzatha Januwale asanafike.