Banja Lisananyamuke: Kodi Tilembe Wotitsogolera pa Ulendo?

Mawu a Mulungu: Numeri 10:29-33, Genesis 12:10-20, Genesis 46:31-47:6



Tsiku lina titaweruka ku msonkhano wathu wa amayi, mnzathu wina anandikokera pambali kuseri kwa tchalitchi. Anati, "Amayi, inu munagwirapo ntchito yachipatala, tandithandizeni maganizo. Mwana wanga namwino uja akufuna kusamukira ku Britain pamodzi ndi mwamuna wake ndi ana. Apeza bambo wina wa ofesi m'tauni amene akuti awayendetsera zonse, koma ndalama zake n'zambiri. Ana akuti ndigulitse puloti imene anandisiyira malemu bambo awo. Ndigulitse?"

Funso limeneli likufika m'nyumba zathu zambiri. Opita ndi ana athu, koma wogulitsa puloti, wokongola ku banki mkhonde, wotsala ndi zidzukulu, nthawi zambiri ndi ife amayi. Choncho tiyeni tione zimene Mawu a Mulungu akutiphunzitsa za munthu wolembedwa kuti atsogolere banja pa ulendo.

Mose anapempha womutsogolera

Ana a Israele atatsala pang'ono kunyamuka ku phiri la Sinai, Mose anapita kwa Hobabu, munthu wa ku Midiyani, wa kwa apongozi ake, nam'pempha kuti apite nawo. Hobabu poyamba anakana, pofuna kubwerera kwawo. Mose anaumirira chifukwa Hobabu ankachidziwa chipululu, ankadziwa malo oyenera kumangapo misasa. Taganizani, amayi. Mose anali ndi mtambo wa Mulungu usana ndi moto usiku, komabe sanachite manyazi kupempha munthu wodziwa njira. Kufunsa wodziwa sikuchepa kwa chikhulupiriro. Makolo athu anati safunsa anadya phula.

Koma tionetsetse Hobabu ameneyu. Mose ankamudziwa kwawo ndi mtundu wake. Njira imene anam'pemphera ankaidziwadi. Malipiro ake anakambidwa poyera: zabwino zimene Mulungu adzachitire Israele adzagawana naye. Ndipo atanyamuka, patsogolo panali Likasa la Chipangano. Hobabu anaitanidwa kuti aziona njira, ulendo unakhalabe m'manja mwa Mulungu ndi a Mose. Phunziro lathu lagona pamenepa: wotithandiza tingam'lembe, koma ulendo, siginecha ndi choonadi cha banja zisachoke m'manja mwathu.

Njira inasintha

Ine ndinali m'wodi zaka zoyambirira za m'ma 2000, pamene anamwino anzathu ankapita ku Britain motsatizana. Mwezi uno tatsanzikana ndi uyu, mwezi wamawa ndi uyo, mpaka mu 2005 boma linawonjezera malipiro a antchito azaumoyo ndi 52 peresenti pofuna kuti ena atsale. Ambiri mwa amene anapita nthawi imeneyo anadzaitanitsa mabanja awo. Amatilangiza ndi mtima wabwino, koma njira imene iwo anadutsa siili chimodzimodzi lero.

Mu February 2022 boma la Britain linatsekula khomo kwa anthu osamalira okalamba ndi odwala m'nyumba, ndipo anthu ambiri a mu Africa anathamangira kumeneko. Kuyambira pa 11 March 2024, olowa pa ntchito imeneyi analetsedwa kutenga mkazi, mwamuna kapena ana. Pa 22 July 2025 khomolo linatsekedwa kwa ofunsira ali kunja kwa Britain. Namwino wolembetsedwa ku bungwe lawo la anamwino, la Nursing and Midwifery Council, ali pa njira ina, ndipo ameneyo ankaloledwabe kutenga banja lake pamene osamalira okalamba analetsedwa. Malamulo amenewa amasintha pafupipafupi. Amalembedwa poyera pa tsamba la intaneti la boma lawo, la GOV.UK, ndipo aliyense angawerenge ulere. Munthu akakuuzani lero kuti akupezerani ntchito yosamalira okalamba ndipo mupita banja lonse, dziwani kuti akukuuzani za njira yotsekedwa.

Ndani akufunikadi mlangizi?

Namwino amene wakhoza mayeso a Chingerezi, wayamba kulembetsa ku bungwe la anamwino la kumeneko, wapeza chipatala chom'lemba ntchito, ali ndi mtchatho wa ukwati ndi zikalata za kubadwa za ana ake, angathe kudzaza yekha mafomu pa intaneti. Palibe lamulo lom'kakamiza kulemba mlangizi. Boma la Canada limanena poyera kuti kulemba woimirira sikuchititsa kuti pempho lanu liyende msanga kapena livomerezedwe. Mlangizi sapereka viza. Wopereka ndi boma la dzikolo.

Koma pali mabanja amene nkhani zawo n'zopiringizika. Wina anakanizidwapo viza. Wina anakhalitsapo m'dziko la eni masiku ake atatha. Wina ali ndi mwana wa ukwati woyamba, bambo ake ali moyo ndipo sanavomereze kuti mwanayo achoke. Wina ali ndi mwana amene watsala miyezi yochepa kuti akwanitse zaka 18, pamene lamulo la ku Britain limafuna kuti mwana akhale asanafike zaka 18 pa tsiku lofunsira koyamba. Mabanja otere akufunikadi Hobabu wawo. Kwa iwo ndalama yolipira mlangizi weniweni kapena loya siyotayika, chifukwa cholakwa chimodzi pa fomu chingagawe banja pakati.

Mafunso atatu musanapereke ndalama

Loyamba: kwawo n'kuti, ndipo amayankha kwa yani? Ku Britain munthu wopereka uphungu wa zolowa m'dziko ayenera kukhala loya wovomerezeka kapena wolembetsedwa ku bungwe la Immigration Advice Authority, limene mpaka January 2025 linkatchedwa OISC. Ku Canada wolandira malipiro pa ntchitoyi ayenera kukhala loya wovomerezeka kapena membala wa College of Immigration and Citizenship Consultants. Mayina a anthu olembetsedwa ali pa intaneti. Funsani dzina lake lonse ndi nambala yake, mwana wanu akayang'ane yekha. Chenjerani ndi ichi: lamulo la ku Britain limagwira opereka uphungu ali m'dzikomo. Munthu wokhala ndi tebulo ndi kompyuta m'tauni mwathu muno, amene dzina lake palibe pa mndandandawo, akakudyerani ndalama palibe bungwe la ku Britain limene lingakubwezereni. Kuvala taye sikumusiyanitsa ndi madobadoba aja oima pakhomo pa maofesi.

Lachiwiri: akutigulitsa chiyani? Uphungu ndi kudzaza mafomu angalipiritse, pa mtengo wolembedwa pa pepala ndi lisiti yake. Koma ntchito sigulidwa. Chikalata chimene bwana wa ku Britain amapereka kwa wantchito wake, chotchedwa Certificate of Sponsorship, sichogulitsa, ndipo kuyambira pa 31 December 2024 mabwana analetsedwa kulipiritsa wantchito mtengo wake. Mu March 2025 boma la Britain linanena kuti pakati pa July 2022 ndi December 2024 linalanda ziphaso za mabwana oposa 470 a ntchito yosamalira okalamba, ndipo antchito oposa 39,000 anakhudzidwa. Ambiri anafika kumeneko ali ndi ngongole kwawo, napeza kuti ntchito imene analonjezedwa palibe. Dziwaninso kuti Malawi ili pa mndandanda wa mayiko 55 amene bungwe la WHO mu 2023 linati ali ndi antchito azaumoyo operewera. Chifukwa cha ichi, malangizo a boma la Britain amaletsa ma ejenti kudzakopa anamwino kuno, ngakhale namwino payekha ali ndi ufulu wofunsira ntchito kwa chipatala mwachindunji. Ejenti woyenda m'zipatala mwathu kulemba mayina a anamwino waphwanya kale malangizowo asanayambe n'komwe kukuthandizani.

Lachitatu, ndipo lalikulu koposa: akutiuza kuti tikanene chiyani?

Abramu ndi Yosefe pa chipata cha Farao

M'buku la Genesis muli mabanja awiri amene anathawira ku Ejipito chifukwa cha njala. Abramu atayandikira malire anachita mantha, napangana ndi mkazi wake Sarai kuti azinena kuti ndi mlongo wake. Bodzalo linamutsekulira khomo, ndipo analandira nkhosa, ng'ombe ndi ngamira. Koma analipira ndani? Sarai, amene anatengedwa kupita ku nyumba ya Farao. Choonadi chitaululika, banja lonse linathamangitsidwa m'dzikomo.

Patapita mibadwo itatu, Yosefe anakonzekeretsa abale ake kukaonekera pamaso pa Farao. Iyeyo ndiye anali mlangizi wodziwa malamulo ndi makhalidwe a dzikolo. Anawauziratu funso limene adzafunsidwe, lokhudza ntchito yawo, nawauza kuti akanene kuti ndi oweta ziweto, ngakhale Aejipito ankanyansidwa ndi abusa. Abalewo anakanena zoona, ndipo anapatsidwa dziko la Goseni. Mlangizi wabwino amakuthandiza kunena zoona mwadongosolo. Mlangizi woipa amakuphunzitsa bodza, kenako iye n'kutsala pa mpando wake.

Tibwerere kwa mnzathu wa puloti uja. Nditamufunsitsa, anandiuza kuti pa ana atatu opitawo, m'modzi ndi wamasiye, mwana wa malemu mchemwali wake wa namwinoyo, amene akula naye m'nyumba chiyambire ali wakhanda. Kwa ife ameneyo ndi mwana wawo, palibe womusiyanitsa. Koma pa fomu ya viza amafuna mwana wobereka kapena wotengedwa m'njira imene dzikolo limavomereza. Bambo wa ofesi uja anali atawauza kuti asadandaule, iye awapezera chikalata cha kubadwa chosonyeza kuti mtsikanayo ndi wobereka okha.

Amayi, pamenepa ndi pamene mtima umawawa, chifukwa bodza limeneli limachokera m'chikondi. Ndani angafune kusiya mwana wamasiye kachiwiri? Koma wosayina pa fomu ndi mwana wanu, osati bambo wa ofesiyo. Ku Britain munthu wopezeka ndi chinyengo pa pempho lake angaletsedwe kulowa m'dzikomo mpaka zaka 10. Ku Canada ndi zaka 5. Namwino wopezeka ndi chikalata chabodza angathenso kuchotsedwa m'kaundula wa anamwino, ntchito ya moyo wake wonse n'kuthera pomwepo. Ndipo mtsikanayo akule akudziwa kuti dzina la mayi ake om'bereka linafufutidwa, asalitchule ngakhale kusukulu. Ku chipatala tinaphunzitsidwa kuti chimene sunachite usachilembe pa tchati ya wodwala, pakuti bodza la pa pepala limadzapha munthu usiku iwe utaweruka. Fomu ya viza ilinso chimodzimodzi.

Tinakhala pansi ndi banjalo. Mkamwini anafufuza dzina la bambo uja pa mndandanda wa olembetsedwa, ndipo sanalipeze. Puloti sinagulitsidwe. Namwinoyo anayamba kufunsira yekha ntchito ku zipatala, ndipo ndalama zochepa zimene anali nazo anazisungira loya woti awalangize za mwana wamasiyeyo basi. Mtsikanayo pakali pano akhala ndi agogo ake. Analira, tonse tinalira naye. Sindingakunamizeni kuti nkhani yawo yatha. Koma palibe amene akugona ndi mantha oti tsiku lina kudzabwera kalata youlula bodza.

Gawo lathu ngati amayi

Ulendo wa banja usakonzedwe mobisa. Mutu umodzi susenza denga. Mwamuna ndi mkazi awerenge limodzi pepala lililonse asanasayine, ankhoswe adziwe, ndipo ana osinkhuka afunsidwe maganizo. Mawu achinsinsi olowera pa fomu ya pa intaneti akhale ndi mwini ulendo, ndipo makalata ochokera ku boma azifika kwa iye. Pasipoti isagone kwa ejenti. Mu 2024 wailesi ya BBC inaonetsa nkhani ya amayi a ku Malawi oposa 50 amene ananyengedwa ndi malonjezo a ntchito ku Oman, kumene analandidwa mapasipoti n'kumagwiritsidwa ntchito ngati akapolo. Dziko lathu lili ndi lamulo la 2015 loletsa kuzembetsa anthu, ndipo kukanena ku polisi munthu wochita zotere sikuchitira mnzako nkhanza, ndi kupulumutsa mwana wa mayi wina.

Munthu akamakufulumizitsani kuti mupereke lero chifukwa malo atsala awiri okha, pitani kunyumba mukagone kaye. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Thandizaninso ana anu kukonza zimene zili m'manja mwathu kuno: mtchatho wa ukwati, zikalata za kubadwa zochokera ku National Registration Bureau, mayina olembedwa mofanana pa mapepala onse. Zimenezi sizifuna mlangizi, zimafuna mayi wosamala.

Ndipo mnzathu amene anadyeredwa kale ndalama tisamuseke. Ambiri akukhala chete ndi manyazi, akubweza katapila mobisa. Tiwayendere, tipemphere nawo, ndipo tiwalimbikitse kulankhula kuti ena asagwe m'dzenje lomwelo.

Pa msonkhano wanu wotsatira werengani ndime zitatu zija, kenako mufunsane: m'parishi mwathu muno ndi mabanja ati amene akukonza ulendo, ndipo ndani mwa ife wakhala nawo pansi?

Tiyeni tipemphere.

Atate wakumwamba, Inu amene munayenda ndi Yosefe, Maria ndi Mwana Yesu pothawira ku dziko lachilendo, yang'anani ana athu amene mitima yawo ili pa ulendo. Apatseni alangizi oona mtima, ndipo muwatchinjirize kwa odya thukuta la amasiye. Pamene bodza likuoneka ngati njira yachidule, alimbitseni kuti anene zoona. Tonthozani ana otsala ndi agogo owalera. Opita ndi otsala, tisungeni tonse m'dzanja lanu, mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.