Mwana wanzeru wa pachithunzi

M'nyuzipepala ndi pa wailesi za kanema za ku America, mlendo wopanda mapepala amaonekera kawirikawiri m'zithunzi ziwiri. China ndi cha khamu lopanda mayina, lojambulidwira patali likuwoloka mtsinje wa Rio Grande. China ndi cha mtsikana wovala mkanjo ndi chisoti cha omaliza sukulu, amene waposa anzake onse m'kalasi koma njira ya ku yunivesite yamutsekera. Choyambacho ambiri timachikana msanga. Chimene chimandisowetsa mtendere ndi chachiwiri, chifukwa amachijambula ndi anthu ofunira mtsikanayo zabwino.

Mu 1982, pa mlandu wa Plyler v. Doe, khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti chigawo cha Texas sichingakanize mwana sukulu chifukwa choti alibe mapepala. Chigamulocho chimathera ku sekondale. Kupyola apo, mwanayo sapatsidwa ngongole kapena thandizo la maphunziro lochokera ku boma la ku Washington, ndipo chigawo chilichonse chimachita zake. Mu 2010 oyang'anira mayunivesite aboma ku Georgia analetsa ana otere kulowa m'mayunivesite amene malo ake amalimbiranidwa kwambiri. Chaka chotsatira aphunzitsi ena a pa University of Georgia anatsegula Freedom University, sukulu yaulere yosapereka digiri, kuti anawo asangokhala pakhomo.

Bilu yowatsegulira njira, ya DREAM Act, inafika ku nyumba ya malamulo mu 2001 ndipo mpaka lero sinakhale lamulo. Pofuna kufewetsa mitima ya aphungu, omenyera ufulu ndi atolankhani anaika patsogolo mwana wopanda banga: wokhoza bwino, wolota za udokotala, wolankhula Chingerezi chosamveka kuti ndi wobwera. Sindinganene kuti njirayo sinaphule kanthu. Mu 2012 boma la Barack Obama linakhazikitsa DACA, chitetezo cha zaka ziwiriziwiri kwa amene anafika asanakwanitse zaka 16, ndipo ambiri anapeza ntchito ndi mwayi wophunzira.

Koma tamverani mawu amene ankaperekeza chithunzicho: anawa anabwera ali aang'ono, kulakwa si kwawo. Ngati si kwawo, ndi kwa yani? Chala chimaloza mayi amene anabereka mwanayo kumbuyo podutsa m'chipululu, amene wakhala akukolopa maofesi usiku kuti mwanayo avale mkanjo uja. Kuti mwana amveredwe chisoni, ayenera kulola kuti mayi ake akhale wopalamula. Achinyamata ambiri opanda mapepala anadzakana okha kufotokozedwa motero, ndipo ine ndili kumbali yawo.

Palinso mwana amene pachithunzipo palibe: wokhoza pakatikati, amene anabwereza kalasi, amene akufuna kungophunzira za magetsi pa koleji ya m'dera lake. Mwana wa nzika wa nzeru zomwezo amalembetsa popanda kuulula mbiri ya banja lake kwa dziko lonse. Wopanda mapepala timamuuza kuti ayambe watidabwitsa. Apa maphunziro asanduka mphoto ya mpikisano, ndipo oweruza ndife owerenga.

Monga womasulira, ndinakondwera pamene bungwe la Associated Press linasiya mu 2013 kutchula munthu kuti ndi wosaloledwa, n'kunena kuti mawuwo azifotokoza zimene wachita. M'Chichewa timatero kale: timati wolowa m'dziko popanda chilolezo. Komabe mawu aulemu akhoza kulembedwa pansi pa chithunzi chomwe chija, mwana wa pakatikati n'kukhalabe kunja.

Wina ati malo ku yunivesite ndi ochepa, ndalama ndi za okhoma msonkho, ndipo dziko lili ndi ufulu woyamba ndi ana ake. Funsoli ndi lenileni, ngakhale limaiwala kuti opanda mapepala nawonso amakhoma msonkho akamagula katundu, ndipo ambiri amakhomanso wa pamalipiro. Likambidwe poyera: kodi mwana amene waphunzira zaka 12 m'sukulu zanu, amene sadziwa kwawo kwina, ndi wanu kapena ayi? Yankho lake silidalira mapointi amene anapeza.

Khomo lotere lilinso kuno kum'mwera kwa Africa. Mu 2019 khoti la ku Makhanda, ku South Africa, linagamula kuti ana opanda mapepala asachotsedwe m'sukulu. Koma thandizo la NSFAS si la alendo otere, ndipo mayunivesite amafuna chilolezo chophunzirira kwa wophunzira wobwera. Mwa ana amene akukhala m'makalasi a ku Johannesburg chifukwa cha chigamulocho muli olankhula Chichewa kunyumba, ndipo ambiri a iwo akadzalemba matiriki adzakhoza ngati ana ena onse, pakatikati.